Njovu ikalowa m'kalasi, ana aitchule ndi dzina liti?

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikambeko za chinthu chimene ndakhala ndikuchiona ndi maso anga kwa miyezi ingapo tsopano, chimenenso ndikukhulupirira kuti aphunzitsi anzanga, makolo ndi akuluakulu a Unduna wa Zamaphunziro ayenera kuchilingalira mofatsa chisanatipeze tili chigonere. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Kwathu ndi ku Dedza, koma zaka zambiri za uphunzitsi wanga ndazithera kuno ku Mzuzu, kuphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 m'makalasi amene nthawi zina munkakhala ana oposa 100. Masiku ano, Loweruka lililonse m'mawa, ana pafupifupi 20 a kuno ku Chibavi amasonkhana pakhonde panga kudzaphunzira kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, ndipo zimene ndikufuna kunena ndazionera pakhonde pomwepo.

Mwezi wa Disembala mwana wa mchimwene wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anandibweretsera makhadi 26 a zithunzi za nyama, khadi limodzi pa lemba lililonse la Chingerezi. Anandiikira pulogalamu yake mu foni yanga, nati, "Azakhali, izi zikakuthandizani pa sukulu yanu ya pakhonde." Luso limene makhadiwa amagwiritsa ntchito amalitcha augmented reality, kapena AR mwachidule, ndipo kagwiridwe kake ntchito sikovuta kukamvetsa. Munthu amaika khadi pansi n'kulilozetsa kamera ya foni. Pulogalamu ija imazindikira chithunzi chili pa khadilo, kenako imajambula nyamayo yathunthu, yoyenda ndi yolira, pamwamba pa zinthu zenizeni zimene kamera ikuona. Mukasuntha foni kupita kumanzere, mumaiona nyamayo cham'mbali, ndipo mukazungulira mumaiona chakumchira. Apa ndi pamene AR imasiyana ndi kanema: mu kanema mkango umakhala kwawo kutchire, pamene kuno mkangowo umaoneka utaima pa mphasa yanu, pafupi ndi nsapato za mwana wanu. Luso limeneli si ladzulo. Dzina lake linayamba kumveka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku kampani yopanga ndege ya Boeing, masewero a Pokémon Go analifalitsa padziko lonse mu 2016, ndipo mu 2019 kampani ya Google inayamba kuonetsa nyama zoterezi kwa anthu ofufuza mayina a nyama pa foni.

Tsiku loyamba ndinaika khadi la lemba L pa mphasa. Mkango utatulukira pa foni n'kubangula, ana ang'onoang'ono anangoti balalabalala, ndipo mnyamata wina wolimba mtima anagwada n'kusuzumira kunsi kwa foniyo kuti aone pamene chilombocho chabisala. Koma chimene sindidzaiwala ndi kamtsikana ka zaka 6 kamene kanali katabwera kwa milungu yambiri osatulutsa liwu, kaya ndikafunse chiyani. Tsiku limenelo kanaimirira, kanaloza foni, n'kufuula m'Chitumbuka kuti, "Nkhalamu!" Anzake anakabweza kuti, "Iyayi, ndi mkango!" Foni nayo inati, "Lion." Mayina atatu a nyama imodzi anamveka pakhonde langa m'kanthawi kochepa, ndipo palibe limene linali lolakwika.

Mwana wa ku Mzuzu amakula motero. Mzinda uno, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000, uli ndi ana ambiri amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, ena Chinkhonde kapena Chilambya, ndipo akafika kusukulu amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi. Dziko lathu lasinthasintha maganizo pa nkhani imeneyi. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, mu 1996 Unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za kwawo, lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ndipo kuyambira mu 2016 ndondomeko ya National Reading Programme yakhala ikuphunzitsa ana kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Malamulo onsewa amalembedwa ku Lilongwe, koma katundu wake amasenzedwa ndi mwana wa zaka 6 amene amadziwa bwino lomwe kuti chinyama chachitamba ndi zovu, n'kuuzidwa lero kuti ndi njovu, mawa kuti ndi elephant. Ine, ngakhale ndine Mchewa, ndinaphunzira msanga kuti mwana woteroyo ukamuletsa kunena dzina limene amalidziwa, sanena dzina lina lililonse. Amangokhala duu.

Phindu lalikulu la nyama za pa fonizi, monga momwe ndaonera, lili pa kumasula lilime la mwana, ndipo ndikufuna kufotokoza bwino chifukwa chake, popeza anthu ena akuganiza kuti ndi zoseweretsa chabe. Chithunzi cha m'buku chimapereka dzina lokha. Nyama yoyenda imapereka aneni: ikudya, yagona, ikugwedeza mchira, yadzuka, ikuthawa. Chifukwa chakuti imaoneka itaima m'malo enieni amene mwanayo akuwadziwa, imaperekanso timawu tosonyeza malo, timene timavuta kwambiri pophunzitsa chiyankhulo chachilendo. Ndikaika khadi pa mpando, mwana amati mkango uli pa mpando, ndikaliika m'lichero amati uli m'lichero, ndipo ndikalikankhira kuseri kwa ndowa amati wabisala kuseri kwa ndowa. Tikatembenukira ku Chingerezi, mawu akuti on, in, under ndi behind amalowa mosavuta, chifukwa mwanayo ndi amene wanyamula khadi ndi dzanja lake n'kuliika pamalopo. Zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinkaphunzitsa mawu amenewa ndi mwala ndi kapu, ndipo zinkatheka, koma sindinaonepo mwana akulimbirana ndi mnzake mwayi woika mwala pansi pa tebulo monga momwe amalimbiranira kuika mbidzi.

Chichewa chenichenicho chimapindulanso, makamaka pa mgwirizano wa mawu, umene ana amene si Achewa amapunthwa nawo mpaka m'makalasi apamwamba. Timati mkango uwu ukubangula, mikango iyi ikubangula. Chipembere ichi chikudya, zipembere izi zikudya. Kalulu uyu akuthamanga, akalulu awa akuthamanga. Koma njovu sisintha dzina, ikhale imodzi kapena zikhale khumi, ndipo chosonyeza kuchuluka ndi mawu otsatira okha: njovu iyi ikumwa, njovu izi zikumwa. Mayina a nyama amwazikana m'magulu ambiri a mayina a Chichewa, kotero kuti mwana amene wathera mwezi akukamba za nyama wadutsa m'malamulo ochuluka a chiyankhulochi popanda kuuzidwa kuti akuphunzira malamulo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya chiyankhulo m'merawo ndi Sitandade 1 ndi 2.

Tsopano ndinene zimene zandidetsa nkhawa, chifukwa ndi zimene zandikakamiza kulemba kalatayi. Makhadi amene ndinalandira anapangidwira ana a mayiko ena. Pa lemba A pali alligator, pa B pali bear, pa P pali panda, pa T pali tiger. Ana ataona alligator anati ndi ng'ona, ndipo ndinavutika kufotokoza kuti nyama imeneyi imapezeka ku America ndi ku China kokha, pamene ng'ona ya m'nyanja yathu ndi ya mu mtsinje wa Shire pa Chingerezi ndi crocodile. Ataona tiger anati ndi kambuku. Chisokonezo chimenechi ndi chakale m'sukulu zathu, ndipo ndamvapo ngakhale akuluakulu ophunzira akumasulira nyalugwe kuti tiger, chonsecho tiger ndi nyama ya ku Asia, yamizeremizere, imene sipezeka m'tchire lililonse la mu Africa. Kambuku wathu wamawangamawanga ndi leopard, ndipo ndi iye amene waima moyang'anizana ndi mkango pa chizindikiro cha boma la Malawi, nkhwazi ili pamwamba pawo. Pa makhadi onse 26 panalibe nkhwazi, panalibe fisi, panalibe kalulu wa m'nthano zathu, panalibe birimankhwe, ngaka, gwape, chambo, kapena batala amene amayi awo a anawa amagula tsiku ndi tsiku pamsika.

Ndinayesa kuwafunsa anawo ngati amadziwa chilembwe kapena ntchefu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha, ngakhale kuti nyama zimenezi zimadya msipu pa phiri la Nyika, m'boma la Rumphi loyandikana nafe, kumalo osungirako nyama zakutchire aakulu koposa onse m'dziko muno, amene anakhazikitsidwa mu 1965. Kwa iwo nyama iliyonse yanyanga ndi gwape. Koma patatha milungu itatu yokha onse ankatchula panda mosajejema. Sindikudana ndi panda, ndipo mwana wa ku Malawi ali ndi ufulu wodziwa nyama za dziko lonse lapansi. Chondiwawa ndi kayambidwe kake. Mayina a nyama ndi amene asunga miyambi yathu, nthano zathu, ngakhale mayina a mabanja monga a Njovu, a Ngoma ndi a Nguluwe. Kwathu ku Dedza chilombo cholemekezeka cha gule wamkulu, Kasiyamaliro, chimalukidwa m'maonekedwe a nyama yanyanga ya m'tchire. Mwana amene sanamvepo za nkhono sangamve chimene agogo ake akutanthauza akamati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikalola kuti chida champhamvu chotere chidzaze mitu ya ana ndi nyama za eni ake zisanalowe zathu, tidzakhala tathandiza ndi manja athu kufafaniza mawu amene akutha kale.

Nkhawa ina ndi ya ukali wa nyama. Nyama za pa foni zonse zimaoneka zofatsa, zoyera bwino, zoti munthu n'kuzisisita. Tsiku lina tinali ndi khadi la mvuu, ndipo atsikana anayamba kuisisita pa galasi la foni, akuti ndi yokongola ngati nkhumba yonenepa. Mnyamata wina amene anabwera kumene kuchokera ku Rumphi, kufupi ndi nyanja ya Kazuni, kumalo osungirako nyama zakutchire a Vwaza, anakwiya n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Chigwere chikukoma!" Ana oyankhula Chichewa anaseka, poganiza kuti akunena kuti nyama ya mvuu ndi yokoma, pamene iye ankachenjeza kuti mvuu imapha, pakuti kukoma m'Chitumbuka ndi kupha. Tinasiya foni pambali n'kuthera nthawi yonse yotsala pa liwu limodzi limeneli, ndipo mnyamatayo anatifotokozera mmene anthu a kwawo amapewera njira za mvuu madzulo, ndi mmene amachezera usiku kulondera chimanga kuopa njovu. Phunziro limenelo linaposa onse amene ndaphunzitsa ndi makhadiwa, koma silinachokere mu pulogalamu. Linachokera kwa mwana amene analoledwa kuyankhula chiyankhulo chake. Aliyense wopanga zida zotere za ana a ku Malawi akumbukire kuti ena mwa anawa adzakumana ndi mvuu yeniyeni ku Nkhata Bay kapena njovu yeniyeni m'malire a Vwaza ndi Kasungu, ndipo njovu yaimuna yokhwima imatha kupitirira mamita 3 kutalika kufika paphewa, msinkhu woposa denga la khonde langa.

Ndaonanso kuti chidwi cha ana chimazirala, ndipo chikazirala foni imasanduka chotseka pakamwa. Mlungu woyamba ankafuula, koma pofika mlungu wachinayi ena ankangoti maso dwii pa galasi, kudikira kuti foni itchule dzina, iwo osanena kanthu. Pulogalamuyo imanena liwu limodzi, m'katchulidwe ka ku America, ndipo siifunsa funso, siidikira yankho, siimva ngati mwana walakwitsa. Ndinasintha kachitidwe. Tsopano ndimatseka mawu a foni, ndimaonetsa nyama kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako ndimaika foniyo m'thumba. Zotsatira zake ndi ntchito ya pakamwa ndi pamanja: ana amayenda ngati nyamayo, amafunsana mafunso awiriawiri, amaiumba ndi dongo, amalemba dzina lake pansi ndi kamtengo, ndipo wina amasimba nthano imene anamva kwa agogo ake. Pa ola lathunthu, foni imagwira ntchito mphindi zosakwana 10. Kwa ana a sukulu za mkombaphala kusamala kukhale kokulirapo, popeza bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku atakhala pansi kuyang'ana foni kapena wailesi yakanema.

Ndikudziwa kuti owerenga ena anena kuti zonsezi ndi maloto a anthu a m'tauni, ndipo mawu awo ali ndi maziko. Mafoni ambiri m'makomo mwathu ndi a mabatani, ndipo ngakhale mwa mafoni amakono, otsika mtengo ambiri satha kuyendetsa bwino mapulogalamu a AR. Foni yanga imatentha ndi kutha moto msanga ikagwira ntchitoyi, ndipo magetsi akazima phunziro la foni limathera pomwepo. Foni imodzi pa ana 20 imavuta kale, nanga bwanji pa ana 100? Komabe zinthu zikusintha mofulumira kuposa mmene ambirife tinkaganizira. Kuyambira mu 2023 boma, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, layamba kufikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'dziko lonse, ndipo maphunziro a m'matabuletiwo ali m'Chichewa. Izi zikusonyeza kuti zida zamakono zikhoza kuyankhula ziyankhulo zathu ngati pali anthu olimbikira kuti zitero. AR idzafika m'makalasi athu, kaya kudzera m'boma, m'mabungwe kapena mwa amalonda obweretsa makhadi kuchokera ku Dar es Salaam. Funso ndi lakuti ikadzafika idzapeza takonza zathu kapena ayi.

Pempho langa likupita choyamba ku sukulu yaukachenjede ya Mzuzu, imene ili ku Luwinga pakhomo pathu pomwe, ndipo ili ndi ophunzira a zamakompyuta komanso a zauphunzitsi ndi ziyankhulo pamalo amodzi. Ophunzirawa amafunafuna mitu ya kafukufuku chaka ndi chaka. Nawu mutu wothandiza: makhadi a nyama 40 kapena 50 za m'dziko muno, kuyambira galu, mbuzi ndi nkhanga za pakhomo mpaka mphalapala, njati ndi chipembere, amene pulogalamu yake ingagwire ntchito popanda intaneti ikangoikidwa kamodzi, ndipo zithunzi zake zingasindikizidwe pa pepala wamba pamalo alionse osindikizira m'tauni. Mwana akakhudza nyamayo amve dzina lake m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chingerezi, m'mawu a anthu enieni a ku Mchinji, ku Mzimba ndi ku Chintheche, ndipo mphunzitsi athe kusankha chiyankhulo choyambira kapena kutseka mawu onse. M'malo mongotchula dzina, pulogalamuyo izifunsa kuti, "Kodi njati ikuchita chiyani?" n'kukhala chete. Akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba angathandize pa kalembedwe koyenera ka mayinawa, ndipo nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lili kale ndi makalabu m'sukulu, angathandize kuti maonekedwe ndi makhalidwe a nyamazo akhale oona. Aphunzitsi a makalasi aang'ono tiitanidwe kuyambira pachiyambi, osati pa tsiku lokhazikitsa lokha, chifukwa ndife amene tikudziwa pamene lilime la mwana limapunthwa.

Pali nyama imodzi imene ndingakonde kwambiri kuti ikhale pa makhadiwo. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Karonga kuli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana chimene mafupa ake anakumbidwa m'boma lomwelo, ndipo dzina la dziko lathu lili m'dzina lake. Palibe galimoto imene ingatengere mwana kukaona chinyama chimenechi chikuyenda, ndipo apa ndi pamene AR ingachite chimene china chilichonse sichingachite. Koma mbidzi za ku Nyika ndi mvuu za ku Kazuni zilipo zamoyo, ulendo wa maola owerengeka kuchokera ku Mzuzu, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti ana ambiri amene ndawaphunzitsa anamaliza Sitandade 8 njovu ataionera pa ndalama ya K50 yokha. Makomiti a sukulu ndi mabungwe amene angapeze ndalama zogulira matabuleti asaiwale kupatulako ya mafuta a basi imodzi pachaka.

Kwa inu Akonzi ndili ndi pempho laling'ono limene silifuna foni yodula. Ndayamba kulemba m'kope mayina a nyama, mbalame ndi nsomba m'ziyankhulo zimene ana a pakhonde langa amayankhula, ndipo ambiri mwa mayinawo abwera ndi anawo atakafunsa agogo awo. Nyuzipepala yanu imafika ku Chitipa, ku Nsanje ndi ku Likoma, kumene ine sindingafike. Mutapatula kadanga kamodzi pa mlungu, n'kuika chithunzi cha nyama imodzi ya m'dziko muno ndi kupempha owerenga kuti atumize dzina lake m'chiyankhulo chawo pamodzi ndi mwambi kapena nthano imene imaitchula, pakutha pa chaka tidzakhala ndi mayina a nyama 52 okonzeka kuperekedwa kwa achinyamata a ku Luwinga. Ine ndidzakhala woyamba kutumiza kope langa, ndipo ndikupempha kuti tiyambe ndi chilembwe.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chibavi, Mzuzu